Mlandu suola, nanga tikuthamangiranji?

"Mlandu suola," amatero akuluakulu. Ambirife timaumva mwambiwu ngati chenjezo kwa wolakwa: thawa lero, koma tsiku lina udzayankha ndithu. Sitikulakwitsa. Komatu mwambi womwewu ukulankhulanso ndi wolakwiridwa, ndipo mbali imeneyi ndi imene tinaitaya. Ngati mlandu suola, palibe chotikakamiza kuuweruza lero lomwe pamsika, tayala ndi petulo zili m'manja. Ungathe kudikira mpaka mfumu itakhala pabwalo, mboni zitafika, mitima itazizira.

Taonani zimene zimachitika wina akangokuwa kuti "Wakuba!" mumsika wa Limbe kapena kudepoti ku Lilongwe. Mavenda amasiya malonda, akabaza amaimika njinga, aliyense ndi chake chomenyera. Mwa onsewo, ndi angati amene aona chobedwacho? Ena amayamba aponya kaye chibakera, kenako n'kumafunsa kuti, "Kodi waba chiyani?" Enanso ali kalikiliki kujambula pafoni kuti akhale oyamba kutumiza pa WhatsApp.

Phuma limeneli latidyera anthu. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphezi inapha mtsikana wa zaka 17, ndipo anthu a m'mudzimo anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Inali nyengo ya dzinja, pamene mphezi imagwa paliponse, koma panalibe wofuna kumva zimenezo. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kunena mnzako kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma tsiku limenelo lamulo linalibe woliyankhulira. Chaka chotsatira, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. Opopa magazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe, koma manda a ophedwawo alipo.

Ndikudziwa chimene ambiri angayankhe, ndipo sindikuchipeputsa: "Tikawapereka kupolisi, mawa lomwe timawaona akuyenda." Munthu amene waberedwa mbuzi zake zonse usiku umodzi, kapena mayi amene wathyoleredwa okala yomwe amadyetsera ana, ululu wake ndi weniweni. Koma tisasokoneze zinthu. Malamulo a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo si kumasulidwa. Mlandu umakhala ulipobe. Kambirinso milandu imafa chifukwa ife eni ake, amene tinali ndi mphamvu zomenyera, sitipita kukapereka umboni. Ngati wapolisi walandira ziphuphu, tilimbane ndi ziphuphuzo. Kuotcha mnyamata woba foni sikumuchotsa ntchito wapolisi wakatangale.

Ndipo chiwawa sichithera pamene chayambira. Mu Okutobala 2019 gulu la anthu linagenda wapolisi mpaka kumupha ku Msundwe. Chotsatira chake tonse tikuchidziwa: apolisi analowa m'midzi ya kumeneko, ndipo amene analipira ndi amayi ndi atsikana omwe anagwiriridwa. Mu 2020 khoti lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukuta misozi. Obwezera aja anagwira amene anali pafupi ndi wopanda mphamvu, monga momwe gulu la pamsika limachitira.

Kodi dzanja limaphunzira kuti kufulumira chonchi? Kunyumba. Mwana wataya ndiwo, khofi. Mayi wachedwa kuchigayo, mbama, ndipo alipobe ankhoswe amene amatonthoza wovulalayo kuti kumenya ndi mankhwala a banja, ngakhale kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006. Mwana wokulira pakhomo lotere amafika pamsika ataphunzira kale kuti wolakwa amayankhidwa ndi ndodo asanafunsidwe. Makolo athu anali ndi bwalo, nyakwawa ndi ankhoswe chifukwa ankadziwa kuti munthu wopsa mtima saweruza bwino mlandu wake womwe. Pabwalo ngakhale wogwidwa ndi nkhuku m'manja amapatsidwa mpata wolankhula, ndipo mapeto ake ankakhala chindapusa, mwini nkhuku n'kubwezeredwa zake. Woberedwa amene waotcha wakuba sabwezeredwa kanthu, ndipo tsopano mlandu wakupha uli pa iye.

Chifundo chimene ndikunena pano si chofuna maphunziro kapena ndalama. N'kutsitsa dzanja pamene mwana wakukwiyitsani, n'kukambirana naye madzulo. N'kukana kubwereza mphekesera yoti agogo akutiakuti ndiwo akudya ana. N'kusatumiza kanema wa munthu akuphedwa. Chovuta kwambiri, ndipo chimafuna kulimba mtima kuposa kuponya mwala, ndi kuima pakati pa gulu n'kunena kuti, "Basi, tiyeni naye kupolisi." Mawu a munthu mmodzi amatha kumira, koma atatu kapena anayi akanena pamodzi, makamaka atcheyamani a msika ndi a polisi ya m'mudzi, gulu limabwerera m'mbuyo.

Inu mafumu, abusa, mashehe ndi atsogoleri a m'misika, musadikire maliro kuti mulankhule zimenezi. Ndipo inu owerenga, mukadzamva "Wakuba!" mawa, mugwireni munthuyo, mumumange ngati n'kofunika, koma mukamupereke ali moyo, ndipo tsiku la mlandu mukapezeke kukhoti.