Bokosi la PlayStation Nalonso Lizipuma

Anzanga amene mumathera ndalama ya mandasi pa gemu ya mpira ku Senga Bay kapena pa Kamuzu Road, munayang'anapo pomwe makinawo amakhala? Ambiri ndi PlayStation 2, ija Sony inatulutsa mu 2000 n'kuleka kupanga mu 2013. Yatsopano kulibe. Eni ake amaisintha kuti iziwerenga magemu pa fulashi, poti kadiso kowerengera CD sikachedwa kufa ndi fumbi.

Ndiye poopa akuba ndi mchenga, ena amaitsekera m'bokosi la matabwa lopanda polowera mpweya. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala! Fani yake imangozunguza mpweya wotentha womwewo, gemu n'kuima uli pafupi kugoletsa, ndalama yako yapita.

Ine ndikuti mabokosiwa tizipanga ndife. Pulayiwudi wotsala kwa akalipentala akukwana. Boolani kumbuyo komwe fani imatulutsira mpweya, kutsogolonso kolowetsera, n'kukhomapo waya wa sefa kuti mphemvu zisamangemo mudzi. Timiyendo tinayi, kabowo ka mawaya, loko, basi. Kuyeza kwake ndi masamu a Fomu 1 omwe timati alibe ntchito aja.

Aphunzitsi a sayansi, mungatibwerekeko Lachitatu limodzi masana tiyese loyamba?