Wotumidwa amene sabwerera kudzafunsa

Mu Okutobala 2024 kampani ya Anthropic inalola AI yake, Claude, kuti izigwiritsa ntchito kompyuta yokha. Mu Januwale 2025 OpenAI inabwera ndi Operator, imene inkatsegula masamba a pa intaneti, kudzaza mafomu ndi kudina mabatani m'malo mwa munthu. Tsopano AI sikungoyankha mafunso ayi, ikutumika.

Komatu AI ilibe manja. Imapatsidwa zida, ndipo chida chilichonse chimabwera ndi dzina, ziganizo zingapo zofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zimene chimafuna kuti chigwire ntchito. Dongosolo lotchuka lolumikizira zidazi ndi Model Context Protocol, kapena MCP, limene linatuluka mu Novembala 2024. Pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Playwright ili ndi zida za mtunduwu: browser_navigate chotsegulira tsamba, browser_click chodinira, browser_type cholembera. M'kati mwa chida AI siona. Imangowerenga ziganizo zija, n'kusankha chochita. Zikalembedwa mwaulesi, ntchito yonse yapita m'madzi.

Akatswiri akamayesa mafotokozedwewa amayang'ana ngati dzina likumveka, ngati zofunika zonse zatchulidwa, komanso ngati palibe zida ziwiri zofanana mosokoneza. Zonsezo n'zabwino. Ine ndikuwonjezera funso limodzi, ndipo ndikulitenga ku Tembwe kuno, m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Chama: kodi mafotokozedwewo akunena zimene zimachitika netiweki ikathawa ntchito ili pakati?

Tiyerekeze wamalonda amene wagula mpunga wa ku Chama, wapakira matumba pa lole, akufuna kukagulitsa ku Lundazi kapena ku Chipata, koma msonkho wa pamsewu watha. Amatenga foni, amalowa pa tsamba lolipirira, amadina batani. Kagudumu kaja kayamba kuzungulira. Tsamba layera mbee. Munthu wa kuno sathamanga. Amadikira meseji, amayang'ana balansi ya Airtel Money kapena MTN, mwina amakwera pachulu kusaka netiweki, chifukwa amadziwa kuti ndalama imatha kutuluka tsamba lisananene kanthu. Nzeru imeneyi anaiphunzira atapsa.

Tsono mutume AI imene chida chake chalembedwa kuti: "Chimadina batani pa tsamba." Basi. Playwright payokha, ngati simunasinthe, imadikira kanthawi kenako imalengeza kuti nthawi yatha. AI ikaona uthenga wotero imaganiza kuti palibe chachitika, ndiye imadinanso. Wamalonda uja walipira kawiri, ndipo kuti ndalamayo ibwerere pafunika kuimba mafoni mpaka mayunitsi kutha. Mwana mukamutuma ku golosale, akapeza zinthu zasintha amabwerera kudzafunsa. Makinawa, ngati sanauzidwe pamene ayenera kuima, amangopitirira. Safunsa adadya phula.

Chida chomwecho chikhoza kulembedwa motere: "Chimadina chinthu chimodzi pa tsamba limene latseguka kale. Yambani mwawerenga tsambalo kuti mudziwe batani lenileni. Nthawi ikatha, n'kutheka kuti kudinako kwafika kale. Musabwereze musanaonenso tsambalo. Pa batani lolipira, lotumiza kapena lofufuta, funsani mwini wake kaye." Ziganizo zisanu zokha, koma ziwiri zomalizazo n'zimene zikuteteza thumba la munthu. Kwa ine mafotokozedwe amene sanena za kulephera ndi za zinthu zosabwezeka alephera mayeso, ngakhale Chingerezi chake chikhale chosalala chotani.

Olemba MCP nawonso anaona vutoli. Mu 2025 anawonjezera tizizindikiro tosonyeza ngati chida chimangowerenga, ngati chimatha kuwononga, kapena ngati kuchibwereza sikusintha kanthu. Koma amene amaika tizizindikiroti ndi mwini chida yemweyo, ndipo palibe amene amamukakamiza kunena zoona. Mu Epulo chaka chomwecho ofufuza a Invariant Labs anasonyeza kuti munthu wa zolinga zoipa akhoza kubisa malangizo m'mafotokozedwe a chida, AI n'kuwamvera mwini kompyuta osadziwa. Ndiye kutalika kwa mafotokozedwe si umboni wa ubwino ayi. Ngati chida chodinira batani chayamba kulankhula za mafayilo anu kapena mapasiwedi, chisiyeni.

Ena anena kuti nkhani imeneyi ndi ya ku San Francisco, anthu a ku Tembwe akulimbana ndi njovu m'minda ndi misewu yoduka nthawi ya dzinja. N'zoona. Koma ntchito za boma zikusamukira pa tsamba la pa intaneti la ZamPortal, ndipo mawa wina adzabwera ndi pulogalamu yolonjeza kudzazira mlimi mafomu pa WhatsApp. Pulogalamuyo idzakhala itayesedwa muofesi ya intaneti yothamanga, kumene tsamba silichedwa.

Inu achinyamata amene mukulemba mapulogalamu ku Lusaka, ku BongoHive ndi kwina, musanakhulupirire chida chilichonse chitani ziwiri. Perekani mafotokozedwe ake kwa mnzanu amene sanachionepo, mumufunse kuti angatani tsamba litakana kutseguka. Akakanda mutu, lembaninso. Kenako chepetsani liwiro la intaneti mwadala, muidule batani lolipira litangodinidwa, muwerenge kuti ndalama yatuluka kangati.