Garu Adye Mwa Muyeso

Pali mau awiri amene timamva kawirikawiri pakati pa oweta agaru, ndipo tifuna kutsutsana nao onse awiri. Kumidzi anthu amati garu wokhuta sacita ukali, ndipo kuti alonde bwino pakhomo ayenera kugona ndi njala. M'mizinda ena amati kunenepa kwa garu kuonetsa cifundo ca mbuye wace. Ife titi onsewa alakwa, pakuti woyambayo azunza ciweto cace ndi njala, ndi winayo acipha pang'onopang'ono ndi mbale yodzaza.

Tiyambe ndi wa njala. Garu wosadyetsedwa sakhala pakhomo. Amka kudzala, kumsika ndi kuseri kwa nyumba za eni kukafuna cotola. Aba mazira ndi anapiye a anansi, nadzetsa milandu. Nanga usiku umene iye ali kutali, alonda nyumba ndani? Ndiponso poyendayenda alumana ndi agaru ena, ndipo ciwewe cimafala mwa kulumana kumeneku. Garu wosabayidwa katemera akacitenga, amene ali pafupi ndi mano ace ndiwo ana a pakhomo pomwepo. Mkute wa nsima woponyedwa kamodzi pa masiku awiri suli cakudya cokwanira. Phala la gaga lidzaza mimba, koma thupi lifunanso zomanga minofu, monga usipa, bonya kapena zotsala za nyama.

Tsono tinene ndi inu amene mudyetsa garu nthawi iri yonse akakuyang'anani ndi maso acisoni. Mu caka ca 2002 akatswiri a ku Amerika analengeza zimene anapeza atasunga agaru 48 a mtundu wa Labrador kuyambira ubwana kufikira imfa yao. Anawaika awiri awiri obadwa mimba imodzi, ndipo mmodzi wa awiriwo anamcepetsera cakudya ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Mwa odya mocepawo, theka linafika zaka 13; mwa anzao, theka linali litafa pa zaka 11 ndi miyezi yowerengeka. Nyamakazi ya m'mapfundo inacedwanso kugwira odya mocepawo. Kodi cifundo cimene cilanda garu zaka pafupifupi ziwiri ticiche cifundo? Mafuta alemetsa miyendo, abvuta kupuma, ndipo m'dzuwa la mwezi wa Okutobala garu wonenepa alefuka msanga.

Wina adzati, Muyeso wace tidzaudziwa bwanji, popeza tiribe sikelo? Manja ndi maso akwanira. Sisitani garu m'nthiti. Ngati nthiti zimveka pansi pa khungu popanda kukanikiza, ndipo poyang'ana kucokera pamwamba muona ciuno cikucepa kuseri kwa nthitizo, garuyo ali bwino. Ngati nthiti, msana ndi mapfupa a m'ciuno zioneka muli patali, onjezani cakudya. Ngati muzifunafuna ndi zala osazipeza, cepetsani pang'onopang'ono, ndi kumyendetsa tsiku ndi tsiku.

Garu wamkuru adye kawiri pa tsiku, ndi mwana wa garu katatu kapena kanai. Woyamwitsa ndi wopita kuuzimba afuna zambiri. Wokalamba ndi wofulidwa afuna zocepa. Yesani ndi kapu imodzimodzi, ndipo m'banja mukhale munthu mmodzi wodziwa cimene garu wadya, kuti asadye kwa amai, kwa atate ndi kwa ana omwe. Madzi abwino asasowe. Musampatse anyezi, cokoleti kapena mphesa, pakuti zimdwalitsa, ndipo mapfupa ophika amathetheka nalasa m'matumbo. Garu amene adya bwino koma naondabe, kapena ali ndi njoka za m'mimba. Mukaonane ndi alangizi a ziweto.

Palibe anatikakamiza kuweta garu. Tinamtenga tokha ali kamwana, ndipo iye sadziwa kulima kapena kudziyesera cakudya. Amene sakhoza kudyetsa agaru anai asunge mmodzi, namdyetse mokwanira. Ndipo amene ali nazo zambiri aphunzire kubweza dzanja pamene mbale yafika pa muyeso wace.