Wojambula uja tisamuthamangitse, timuonetse pokhala

 Kuno tili bwino, kungoti kwazizira. Chimanga tatong'ola, mtedza tikuswa pang'onopang'ono, kudimba mpiru ndi tomato zikuyenda. Lero sindikamba za feteleza kapena za mavenda a soya ayi. Ndili ndi nkhani ya kubwalo la mpira, ndipo ndiyambe n'kuvomera kuti inenso ndine wolakwa, chifukwa zinachitika ndikuona koma ndinangoti ziii.

Amene munalipo Loweruka mukuidziwa kale, koma a m'tauni mumve. Tinali pa ndime yachibwereza ya chikho chathu cha pambuyo pokolola, tikumenyana ndi anyamata a kutsidya kwa dambo. Mnyamata wathu uja amajambula masewero anali pa ntchito yake monga mwa masiku onse. Zaka 3 tsopano mwanayu akujambula mpira wathu popanda womupatsa ngakhale khobidi. Foni yake ndi yosweka galasi, anamutumizira mlongo wake. Kutchaja amalipira yekha kwa ometa wa sola uja, bandulo amagula ndi ndalama ya ganyu wa njerwa. Zithunzi zonse mumaziona pagulu lathu la WhatsApp Lamlungu m'mawa n'kumati "anyamata akwathu awo" zimachokera m'manja mwake.

Chigawo chachiwiri chitayamba, iye anapita kuseli kwa golo ya alendo n'kugwada kuti ajambule bwino. Basitu anangomva, "Akukwirira mankhwala uyo! Akukwirira!" Phokoso linabuka, oyimbira anaimitsa mpira, ndipo akuluakulu a komiti yathu yomwe, pofuna kuziziritsa mitima ya alendo, anamukoka malaya n'kukamusiya kunja kwa chingwe, kuseli kwa amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, kamnyamata kathu ka Folomu 2 kanadumpha n'kumwetsa chigoli cha mutu chomwe chatifikitsa m'ndime yotsiriza. Fumbi koboo, nthungululu bwalo lonse. Usiku womwewo bambo ake a mwanayo, amene ali ku Joni chaka chachinayi tsopano, analemba pagulu paja: "Chithunzi cha mwana wanga chili kuti?" Panalibe woyankha.

Tsopano ndamva kuti Lachitatu komiti ikukhala pansi, ndipo ena akufuna lamulo loti aliyense wonyamula foni asadzalowenso mkati mwa chingwe. Ine lamulo limenelo ndikulikana, ndipo ndinena chifukwa chake.

Koma choyamba ndisaname, ofuna lamuloli sakulota. Ali ndi mfundo zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi zolemera.

Yoyamba ndi ya ngozi ndi chisokonezo. Wambendera amathamanga motsata mzere maso ali pa mpira, sayang'ana pansi. Chaka chatha wina anatsogoza foni n'kulowa phazi m'bwalo, anagundana ndi wambendera onse mpaka pansi. Komanso tikudziwana anthufe: mmodzi akawoloka chingwe, makumi awiri amutsatira, aliyense akuti nayenso akujambula, mpaka womenya kona amasowa pobwerera m'mbuyo. Izi n'zoona.

Yachiwiri ndi yopweteka kwambiri. Mukukumbukira za mpira wa ntchemberembaye, mtsikana uja anagwa siketi n'kukwera, wina wopanda khalidwe n'kujambula n'kumwaza m'mafoni. Mwana uja sanabwererenso pabwalo mpaka lero. Amayi ake akamati mafoni achoke, ine sindingawatsutse pamaso. Koma tinene chilungamo: amene anajambula zija anali m'gulu la anthu oonera, kuseli kwa chingwe. Lamulo likubwerali silikanamugwira. Likugwira mnyamata yekhayo amene tikumudziwa dzina, kwawo ndi agogo ake.

Yachitatu, ya mankhwala ija, aaa, abale. Ngati mankhwala akanamamwetsa zigoli, bwenzi asing'anga a dziko lino atatibweretsera kale chikho cha Africa. Koma poti mitima ya anthu siilamulidwa, njira yake ndi yosavuta: alendo azimudziwa wojambulayo mpira usanayambe, aone m'matumba mwake ngati akufuna, nkhani ithere pomwepo.

Dzana ndinacheza pafoni ndi mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Cape Town. Iyeyu anazolowera kupita kukaonera rugby ya timatimu ta m'dera lomwe amakhala, ya anthu osewera mongokonda, Lolemba aliyense ali kuntchito kwake. Amene simunaionepo, mpira wake ndi wautali ngati papaya, mbali iliyonse kumakhala anthu 15, amasewera mphindi 80, ndipo kugwetsana pansi ndiye masewerowo. Azibambo ake matupi ngati ng'ombe za pangolo, akathamangitsana amakagwera limodzi kunja kwa mzere. Ngati pali masewero oyenera kuthamangitsa wojambula poopa kuti athyoledwa, ndi amenewa. Koma akuti kumene amaonerako wojambula wongodzipereka sathamangitsidwa. Amakalembetsa dzina kwa akuluakulu a timu, amamuveka kajekete kowala kuti aliyense amudziwe, amamuonetsa pogwada motalikirako ndi mzere, ndipo akakhala masewero a ana amayamba apempha makolo. Akaphwanya zimenezo, amuvula kajeketeko. Basi. Sanathetse ngozi pochotsa munthu, anaithetsa pomupatsa malo ake.

Ndipo anthu a dziko limenelo akudziwa kulemera kwa chithunzi. Pa 24 June 1995, pabwalo la Ellis Park ku Johannesburg, South Africa itagonjetsa New Zealand 15 kwa 12, Nelson Mandela anavala jezi yobiriwira ya nambala 6 n'kupereka chikho cha dziko lonse kwa kaputeni Francois Pienaar. Ambiri a inu muli ku Joni chithunzi chimenecho munachionapo, ngakhale amene munali musanabadwe. Chilipo chifukwa wina analoledwa kuima pafupi.

Wina anena kuti, "Achimwene, mukuyerekeza Mandela ndi mpira wa pafumbi?" Eya, ndikuyerekeza, chifukwa kwa bambo uja ali ku Joni chigoli cha mwana wake n'chachikulu kuposa chikho cha dziko lonse. Ine ndinasewerapo pabwalo lomweli ndili mnyamata, opanda nsapato, magolo a bulugamu. Tinali ndi goloboyi wina amene ankagwira mpira ngati wapaka ulimbo m'manja. Anatisiya kalekale. Ana ake akandifunsa kuti bambo awo ankaoneka bwanji ali pagolo, ndimangotambasula manja m'malere. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi. M'mudzi muno zithunzi tili nazo ndi za ukwati, za chiphaso cha unzika ndi zoika pabokosi tsiku la maliro. Za tsiku limene munthu anali pa mphamvu zake, akuwuluka m'mwamba mudzi wonse ukumutchula dzina, tilibe.

Palinso china. Siya Kolisi, amene ananyamula chikho cha rugby cha dziko lonse ngati kaputeni mu 2019 ku Japan ndi mu 2023 ku France, anakulira mu umphawi ku Zwide. Anamuona pa mpikisano wa ana ali ndi zaka 12, n'kumupezera malo pasukulu yabwino. Kuno kwathu, Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi, ndipo mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America, kuposa wina aliyense. Onsewa luso anali nalo kale, koma panafunika diso loti liwaone. Nanga kuno kwathu, kumene galimoto imafika pokhapokha mlatho ukakhala bwino, ndani adzabwere kudzaona ana athu? Diso lathu ndi kafoni kosweka kaja. Sindikunena kuti chithunzi chilichonse chidzatengera mwana ku Bullets kapena ku Wanderers ayi. Koma kakanema ka mphindi imodzi kangathe kufika kwa mphunzitsi wa timu ya kuboma, pomwe nkhani yongokamba pamowa imathera pamowa pomwepo. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti ana a kumudzi saonedwa, kenako tikuthamangitsa wowaonetsa. Walira mvula walira matope, abale.

Ndiye ine maganizo anga kwa a komiti ndi awa, muwatenge kapena muwakonze.

Ojambula ololedwa mkati mwa chingwe akhale awiri okha patsiku, wathu mmodzi, wa alendo mmodzi. Alembetse maina kwa mlembi mpira usanayambe, ndipo oyimbira awaonetse kwa makaputeni onse awiri pamene akuponya ndalama ija. Avale chowazindikiritsa. Kajekete kowala ngati ka akabaza kakwana, ngakhale nsalu yofiira pamkono.

Malo awo tiwalembe ndi phulusa monga timalembera mizere ya bwalo: masitepe atatu kuchoka pamzere, chakufupi ndi kona, osati kuseli kwenikweni kwa golo, ndipo osati mbali imene wambendera akuthamanga. Azijambula atagwada kapena atakhala pansi kuti asatchinge agogo okhala pamipando. Akafuna kusintha malo adikire nthawi yopumulira. Wolowa m'bwalo mpira uli mkati, atuluke tsiku limenelo.

Pa masewero a atsikana ndi ana a sukulu, makolo ndi aphunzitsi avomereze kaye, ndipo zithunzi zisanapite pa Facebook mayi mmodzi wa m'komiti azione. Kukanakhala bwino atapezeka mtsikana woti aphunzire kujambula anzake. Womwaza chithunzi chochotsa munthu ulemu, kaya anali mkati kaya kunja kwa chingwe, nkhani yake ikafike kwa a mfumu.

Chotsiriza, zithunzi ndi thukuta la wojambula. Mukamazitumiza kwina muzimutchula dzina. Ndipo inu andale amene mumabwera ndi mipira nthawi ya kampeni, mukafuna chithunzi chake choika pa chikalata chanu, mulipireni. Kudzipereka anadzipereka kwa mudzi, osati kwa inu.

Inu a m'tauni, musangoti "zoona zimenezo" m'munsimu n'kudutsa. Ndinu amene mumayamba kufunsa zithunzi Lamlungu m'mawa. Wina ali ndi power bank yongogona m'kabati, wina foni yakale ya kamera yabwino, wina angathe bandulo ya mwezi umodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndalonjeza kajekete kowala kamodzi ndikagulitsa tomato Lachisanu.

Ndipo kwa iwe mwana wanga wojambula, ndikudziwa uwerenga. Unachoka pabwalo paja mutu uli pansi, ife akuluakulu tikuyang'ana kumbali ngati sitikukudziwa. Pepa. Usaitaye mtima ntchito yako. Ndime yotsiriza ili Loweruka likubwerali, utchajiretu foni.

A komiti, Lachitatu ndibwera, ndikhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango monga mwa nthawi zonse. Amene mukuona mosiyana ndi ine lembani m'munsimu, koma mwaulemu, tonse ndife amodzi. Ine ndathamangira kudimba, dzuwa lisanakwere ndikathirire.