Makalata a imelo asatidyere nthawi



Masiku ano kalata yoitana mwana kusukulu ya ukachenjede kapena kumayeso a ntchito kawirikawiri imabwera pa imelo. Tsono vuto ndi loti imakwiririka pakati pa makalata ambirimbiri a otsatsa malonda, ndipo ena amadzaiona tsiku loitanidwalo litadutsa kale.

Msodzi akavuula khoka amasankha nsomba pomwepo pagombe, zinyalala n'kutaya. Nafenso tichite chimodzimodzi. Tipatule nthawi ziwiri zokha patsiku zotsekula imelo, m'mawa ndi madzulo. Kalata yofuna yankho lalifupi tiiyankhe pomwepo. Yofuna kuyamba taganiza tiiike chizindikiro cha nyenyezi kuti mawa isativute kupeza. Ikakhala ya malonda, tidine pamene palembedwa Unsubscribe kuti eni ake aleke kutitumizira.

Amene tili pa Gmail tidziwe kuti malo aulere sapitirira 15 GB, ndipo zithunzi zosungidwa pa Google Photos zimadya malo omwewo. Malowo akadzaza, makalata atsopano amaleka kufika. Tikalemba larger:10M pamalo ofufuzira, makalata olemera onse amaonekera, ife n'kufufuta osafunikawo.

Kamodzi pasabata tizisuzumiranso mu Spam. Nthawi zina kalata yabwino imasochera m'menemo, ndipo pakatha masiku 30 imafufutika yokha.

Makolo amene Chingerezi chimativuta tisachite manyazi. Tiitane mwana, tikhale naye pansi, atiwerengere. Tisati tidzaona mawa, paja akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.