Timawaya ta nano: labotale yakwanitsa, nanga fakitale ili kuti?

Mu 1964, ofufuza Wagner ndi Ellis a ku Bell Labs anasonyeza kuti kadontho ka golide wosungunuka kamamwa silikoni kuchokera mu mpweya n'kumamusanjika pansi pake, mpaka kutuluka kawaya. Timawaya ta masiku ano n'tochepa pafupifupi ka 1,000 kuyerekeza ndi tsitsi limodzi. Papita zaka zoposa 60. Nanga bwanji sitinadzaze msika?

Taonani za ku Lund, m'dziko la Sweden. Gulu la Lars Samuelson linalengeza mu 2012 njira ya Aerotaxy, yomeretsa timawaya tikuuluka mu mpweya wotentha, popanda mbale yodula yokhazikapo. Chaka chotsatira, akatswiri a komweko anapanga selo ya sola ya timawaya yosandutsa 13.8 peresenti ya kuwala kukhala magetsi. Manyuzipepala anaimba nthungululu. Kampani ya Sol Voltaics inatenga njirayo kuti ipange malonda, koma mu 2019 inagwa.

Kodi amene ankaika ndalama anafunsa funso loyenera? Kumeretsa timawaya mabiliyoni n'kotheka. Koma ndani atiimike tonse chilili, tofanana kutalika ndi kunenepa, pa pepala lalikulu, lero ndi mawa, osalakwitsa? Kawaya kamodzi kakapendama m'labotale, wophunzira amangosankha kena n'kujambula chithunzi chokongola. M'fakitale, kupendama komweko ndi katundu wotayidwa. Ndipo pamene akatswiri ankalimbana ndi zimenezi, mtengo wa mapanelo wamba a silikoni, omwe aja tikuwaona pamadenga, unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti m'zaka khumi. Ndani angagule chatsopano chodula pamene chakale chikutchipa mwezi ndi mwezi?

Palinso golide uja. Mafakitale a ma chip samulola pafupi, chifukwa pang'ono pokha amawononga silikoni. N'chifukwa chiyani ofufuza anakakamira zaka zambiri njira imene mwini fakitale sangailowetse pakhomo? Pamene Samsung inayamba kupanga ma chip a 3 nanomita mu 2022, sinameretse timawaya: inasema timizere take kuchokera pamwamba, ndi makina amene anali kale m'manja mwake.

Maboma ndi makampani amene amalipira kafukufukuyu asiye kuwerenga zolemba ndi marekodi ophwanyidwa okha. Azifunsa kuti pa timawaya 1,000 tabwino ndi tingati, ndipo kamodzi kakudya ndalama zingati. Wosayankha mafunso awiriwa asapatsidwe ndalama zomangira fakitale.