Tisanachotse Kabuleta

Ena mwa eni magalimoto akale, monga Peugeot 404, akuchotsa kabuleta ndi kuikapo zipangizo zopopera petulo m'injini. Nzeruyi si yatsopano: Volkswagen 1600 inalandira chipangizo chotere cha Bosch, choyendera magetsi, m'chaka cha 1967. Galimoto imalira msanga m'maŵa mozizira, ndipo petulo saonongeka chabe. Komatu kabuleta ikatsekeka, makaniko wa pansi pa mtengo amaitsuka. Kakompyuta kakafa tili kumudzi, tigona panjira.

Chotidetsa nkhaŵa koposa ndi moto. Kabuleta imalandira petulo mofatsa, pamene pampu yatsopano imamkankha ndi mphamvu yoposa pafupifupi kakhumi. Paipi yakale ya mphira imang'ambika, petulo nadonthera pa injini yotentha, ana athu ali m'kati. Tiumirire kuti makaniko asinthe mapaipi onse ndi zomangira zake, aikenso paipi yobwezera petulo kuthanki.